ZA PAMSEWU: Galimoto Yakale ndi Chikweza cha Khwekhwelele

Galimoto yakale ya kuno kuchigwa imatha kubisa matenda ake kwa miyezi yambirimbiri. Msewu wa M5 pakati pa Mtakataka ndi Golomoti ulibe chitunda choti munthu n'kuchitchula, chimodzimodzinso msewu wolowera ku Monkey Bay. Pikapu imene rediyeta yake inayamba kutsekeka chaka chatha imayenda bwinobwino m'misewu imeneyi, kunyamula mpunga wa ku Bwanje, madengu a usipa ndi anthu a matola, mwini wake n'kumadzitama pa sitolo kuti, "Yangayi sidziwa galaja." Matenda amadzaonekera tsiku lokwera phiri, kuchoka pa Golomoti kutsata msewu wokhotakhota wa Khwekhwelele mpaka pa Masasa, pamene umakakumana ndi msewu wa M1. Tsono ulendo umenewu kawirikawiri sitichita kuusankha. Umakhala wothamangira ndi wodwala ku chipatala cha boma ku Dedza, kapena wa maliro, amene kwa ife sagonera, kotero kuti galimoto imene yapezeka pafupi ndiyo imadzazidwa anthu popanda wina kutsegulako boneti.

Boma la Dedza lili pamwamba zedi, mamita pafupifupi 1,600 poyeza kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe nyanja yathu ya Malawi siifika ngakhale pa mamita 500. Ndiye kuti wochoka kunyanja kupita ku boma amakwera mamita oposa 1,000, ndipo kukwera kwenikweni kuli pa phiri limeneli. Pokwera, phiri limayesa injini. Potsika limayesa mabuleki. Galimoto ikalephera mayeso amenewa, ambiri amathamangira masipeya: lero pampu, mawa rediyeta, mkuja gasketi, ndalama n'kutha matenda ali pomwepo. Chimene tsamba lino likupempha n'chakuti tambala isanatuluke m'thumba, tiyambe tafunsa funso limodzi: kodi vutoli limabwera nthawi yanji, galimoto ikuchita chiyani? Amene wayankha bwino funso limeneli wafika kale pakati pa ntchito, ndipo wodziwa yankho lake si makaniko ayi, koma amene anali pa chiwongolero.

Ndikati galimoto yakale sindikunena Datsun ndi Peugeot 504 zokha, kapena Nissan 1400 ija imene ku South Africa anapitiriza kupanga mpaka 2008, kapena ma Hilux a dizilo a injini za 2L ndi 3L amene akusenzabe nsomba m'madoko athu. Toyota Probox inayamba kupangidwa mu 2002, Sienta mu 2003. Zoyambirira za mitundu imeneyi zadutsa zaka 20, ndipo zinafika kuno zitayenda kale ku Japan. Zili ndi kompyuta, inde, koma malabala ake, madzi ake ndi mabuleki ake zimakalamba monga za Datsun.

Tiyambe ndi kuwira kwa injini, kumene madalaivala amati kuboyila. Madzi a m'poto pa Golomoti amawira akafika madigiri 98, koma ku Dedza amawira pa 95 chabe, pakuti mpweya wa kumapiri ndi wopepuka. Injini yabwinobwino imagwira ntchito madzi ake ali pa madigiri 85 mpaka 95, ndipo pa chikweza, mu Okutobala kapena Novembala pamene kunja komweko kwadutsa 35, amakwera kuposa pamenepo. Nanga bwanji sawira? Chinsinsi chili pa chotsekera cha rediyeta, chimene ambiri amachiyesa chivindikiro wamba. M'kati mwake muli sipuling'i ndi labala zimene zimapanikiza madzi, ndipo madzi opanikizidwa amachedwa kuwira. Mukayang'ana pamwamba pake mupeza palembedwa 0.9 kapena 1.1; cha 0.9 chimachititsa kuti madzi asawire mpaka atayandikira madigiri 120. Labala uja akang'aluka kapena sipuling'i ikafooka, rediyeta yanu yasanduka poto, ndipo idzawira pakati pa phiri ngakhale zina zonse zili bwino. Pa zitsulo zonse zoziziritsa injini, chotsekerachi ndicho chotsika mtengo, komatu ndicho anthu amachikumbukira komalizira, atagula kale pampu. Za amene amatseka rediyeta ndi chisanza kapena chitsononkho cha chimanga sitinena zambiri.

Tsopano funso lathu lija. Ngati muvi wa geji umakwera galimoto ili chiimire pa Golomoti kudikira anthu injini ikulira, kapena ikukwawa mu giya yoyamba, koma n'kutsika mukangoyamba kuthamanga pa M5, vuto lili pa mphepo, osati pa madzi. Pothamanga mphepo imadzilowera yokha; poyenda pang'onopang'ono rediyeta imadalira fani. Zimitsani injini, dinikizani lamba wa fani ndi chala chachikulu pakati pa mapule awiri: asalowe kuposa sentimita imodzi, ndipo asakhale wonyezimira kapena wong'aluka. Ma Hilux ambiri ali ndi fani yokhala ndi chitsulo cha mafuta pakati, chimene chimagwira injini ikatentha. Injini ili yotentha koma yozimitsa, kankhani faniyo ndi dzanja. Ikazungulira yokha kangapo ngati gudumu la njinga, mafuta ake anatha, ndipo pamsewu imangozungulira mwa chionetsero osakoka mphepo. Ngati ili ya magetsi, monga pa Sienta, onani ngati imayamba yokha injini ikatentha. Ikapanda kutero yambani ndi fyuzi ndi rileyi musanaweruze mota yake. Onaninso chikombole cha pulasitiki chozungulira fani. Amisiri ena akachichotsa pokonza sachibwezera, ati n'chokongoletsa, chonsecho ndicho chimakakamiza fani kukoka mphepo kudzera mu rediyeta m'malo mongoitakasa m'mbali. Ndipo inu onyamula mpunga ndi oyenda m'njira za m'minda, suzumirani kumaso kwa rediyeta. Mankhusu, njere za udzu, tizilombo ndi matope zimamata timipata take. Tsukani ndi madzi kuchokera mbali ya injini kutulukira kunja, osatokosa ndi waya.

Koma ngati zili zosemphana, muvi uli phee galimoto itaima, n'kumakwera mukathamanga kapena mukayamba chikweza, ndiye kuti madzi sakuyenda mokwanira. Yendani mpaka injini itenthe, zimitsani, chotsani kiyi, ndipo pitsani chikhato mosamala pa rediyeta yonse, zala zili kutali ndi fani. Iyenera kutentha ponseponse, kumwamba koposa kumunsi. Mukapeza zigamba zozizira, timapaipi ta pamenepo tinatsekeka. Chotseka n'chiyani? Suzumirani m'ketulo ya kunyumba kwanu. Mijigo ina ya kuno kuchigwa ili ndi madzi omveka mchere pa lilime, ndipo chikhungwa choyera chimene amasiya m'ketulo amachisiyanso mu rediyeta, pamodzi ndi dzimbiri. Rediyeta yakale ya mkuwa ili ndi ubwino wakuti mmisiri amatha kuitsegula, kutokosa kapaipi kalikonse, n'kuiwotchereranso. Ya mathanki a pulasitiki ikafika pamenepo nthawi zambiri imangofuna ina. Musaiwale paipi yaikulu ya pansi: wina aponde mafuta inu mukuyang'ana, ndipo ngati ikufinyika yokha ngati ikuyamwidwa, ikutsamwitsa pampu. Pampu ya madzi nayo imadziulula, imadontha pa kabowo ka pansi pake, kapena pule yake imagwedera mukaigwira. Pa injini za petulo za mapoyinti, tayiming'i yochedwa imatenthetsa injini n'kuilandanso mphamvu. Ziwirizi zikabwera pamodzi wina atangogwira disitiribyuta, musafunefune kutali.

Apa ndiyenera kukangana pang'ono ndi amisiri athu. M'magalaja ambiri muli mwambo wakuti galimoto ikangofika kuchokera ku Japan, themositati ichotsedwe n'kutayidwa, ati inapangidwira maiko a chisanu. Themositati ndi kachitseko kamene kamaletsa madzi kupita ku rediyeta kufikira injini itafunda, ndipo pa injini zambiri za Toyota ndi Nissan kamayamba kutseguka pa madigiri 82; nambalayo inadindidwa pa kachitsulo komweko. Kakatseguka katseguka, ndiye ngati injini ikuwira iko kali kotsegula, mlandu si wake. Kuonjezera apo, pa injini zambiri kachitseko kameneka kali ndi ntchito yachiwiri imene ochotsa saiganizira: kakamatsegula njira ya ku rediyeta, kamatseka kanjira kachidule kamene madzi amazungulira nako m'kati mwa injini momwemo. Mukakachotsa, kanjirako kamakhala pululu, madzi ena otentha amangozungulira osaiona rediyeta, ndipo pa chikweza injini imatha kuwira kuposa kale. Potsika zinthu zimatembenuka. Injini imazizira mopitirira, m'mawa wa mu Juni ku Dedza siifunda n'komwe, imamwa mafuta ambiri, petulo wosapsa amatsikira mu oyilo, mapisitoni n'kumadyeka. Zoona, themositati imafa, ndipo ikafa ili chitsekere injini imawira pa makilomita ochepa chabe ngakhale pamalo athyathyathya, rediyeta ili yongofunda. Koma kuiweruza sikufuna ndalama. Imangeni kachingwe, ilendewetseni m'chitini cha madzi pa mbaula osakhudza pansi, ndipo penyani. Yamoyo imayamba kuyasama madzi asanawire, ndipo akamabwata imakhala itayasama mamilimita 8 kapena kuposerapo. Yakufa imakhala duu. Yakufayo ichotseni kuti mukafike kunyumba, koma mugule ina sabata yomweyo. Ndati chitini dala: poto wa amayi asalowe m'nkhaniyi.

Matenda amene aliyense amawaopa ndi a gasketi ya pakati pa hedi ndi buloko. Zizindikiro zake sizibisika kwa munthu wodekha. Madzi amachepa tsiku ndi tsiku koma pansi sipaoneka dontho. Injini ili yozizira, mukatsegula rediyeta n'kuiliza, mumaona thovu likukwera mosalekeza, ndipo mukatseka, paipi ya pamwamba imauma gwa injini isanafunde. Ekizozi imatulutsa utsi woyera wosatha ngakhale dzuwa litakwera. Nthawi zina oyilo amasanduka ngati tiyi wa mkaka. Mukamasula mapulagi, imodzi imakhala mbee ngati yochapa pamene zinzake zili zoderako. Zikapezeka ziwiri kapena zitatu mwa izi, pamenepo mpamene hedi itsegulidwe, osati chifukwa chakuti galimoto inawira kamodzi. Ndipo ikatsegulidwa, musalole kuti angoika gasketi yatsopano n'kumanga. Hedi imene inapsa imapindika pang'ono, moti diso silingaone. Pa injini zambiri kupindika koposa gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita n'kokwanira kupsetsanso gasketi ina. Ipite ku makina ku Lilongwe kapena ku Blantyre akaisikime, akaonenso ngati ili ndi mng'alu, makamaka ya dizilo, imene imakonda kung'aluka pakati pa mavalavu. Pomanga, mabawuti ali ndi ndondomeko yake, kuyambira pakati kumapita kunja, ndi sipanala yoyeza mphamvu, osati paipi yaitali ndi nyonga za mnyamata. Gasketi kawirikawiri sipsa yokha. Chinaipsetsa ndi chimodzi mwa zimene tatchula kale, ndipo chimenecho chikapanda kupezeka, mudzabwerera ku galaja mwezi usanathe.

Nanga muvi ukayamba kukwera muli pakati pa phiri? Zimitsani eyakoni ngati ilipo, tsegulani hita yonse ndi mawindo omwe. Hita ndi karediyeta kena kakang'ono, ndipo ngakhale apaulendo adandaule, kamachotsako kutentha ndithu. Tsitsani giya kuti injini izungulire mopepukidwa, pakuti kukakamira giya yachitatu injini ikubuula kumachedwetsa pampu ndi fani pa nthawi imene zikufunika koposa. Muvi ukayandikira pofiira, imani poonekera, osati pakona, ikani miyala kumatayala, anthu atsike aime kumtunda kwa galimoto. Ngati madzi sakutayika ndipo fani ikuzungulira, isiyeni injini ilire pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo. Ngati nthunzi ikutuluka, zimitsani. Chotsekera chisakhudzidwe mpaka patapita mphindi 30 kapena kuposa, paipi ya pamwamba itafewa. Madzi a madigiri 115 akangomasulidwa amaphulika n'kusenda nkhope ndi manja, ndipo wopsa sakhala mwini galimoto, amakhala mnyamata amene watumidwa. Madzi ozizira okhuthulira mwadzidzidzi mu injini yotentha amang'ambanso hedi. Thirani pang'onopang'ono injini ikulira. Pochoka, miyala ija muichotse mumsewu, wa njinga yamoto akubwera usiku. Pali chinyengo china choopsa: muvi umene unali pamwamba n'kutsika wokha mwadzidzidzi mukadali pa chikweza. Musasangalale. Nthawi zambiri kumeneko n'kuti madzi atheratu ndipo kachitsulo koyeza kutentha kali pouma. Hita nayo ikayamba kuuzira mphepo yozizira, umboni wakwana, zimitsani pomwepo.

Za dzira laliwisi, fodya kapena ufa wothira mu rediyeta yodontha, ndinene mwachidule: zimatseka bowo, n'kutsekanso timapaipi tabwino. Madzi oyenera ndi a mvula osefa bwino, osakaniza ndi kulanti amene amaletsa dzimbiri. Amayi, botolo la kulanti lisakhale pofikira ana. Ndi wobiriwira kapena wofiira ngati zakumwa za m'sitolo, amatsekemera, koma ndi poizoni woononga impso, ndipo mwana akamwa athamangire naye ku chipatala nthawi yomweyo ngakhale akuoneka wabwinobwino.

Pali magalimoto ena amene sawira koma amafooka pa chikweza, kutsokomola n'kuzima, kenaka akapuma mphindi 10 n'kuliranso ngati palibe chinachitika. Dziwani choyamba kuti injini yopanda tebo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zake ikakwera mamita 1,000, ndiye kufooka pang'ono si matenda. Kuzima ndiwo matenda, ndipo nthawi yowagwira ndi yomweyo imene yazimayo, isanazizire. Pa injini ya petulo, ikani pulagi yapadera pa waya umodzi, igonekeni pa chitsulo cha injini, wina alize. Moto ukapanda kuthetheka, koyilo kapena kondensa ikukomoka ikatentha. Moto ukakhalapo, ndi njala. Fyuluta ya mafuta yotsekeka imadutsitsa okwanira pa M5 koma osati pa phiri. Pa galimoto ya kabuleta tsegulaninso chotsekera cha thanki. Mukamva ikukoka mpweya kuti fyuu, kabowo kopumira katsekeka. M'zaka za kusowa kwa mafuta, 2011 ndi 2012, ndiponso kuyambira 2022 mpaka 2024, magalimoto ambiri anamwa mafuta a m'zigubu za m'mbali mwa msewu, ndipo zinyalala ndi madzi zikalowa m'thanki sizituluka zokha. Petulo wa m'dziko muno anayamba kusakanizidwa ndi ethanol mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa, ndipo ethanol amayamwa madzi n'kufewetsanso mapaipi akale a labala. Mukakayika, thirani mafuta pang'ono m'botolo loyera la galasi n'kuliimika. Madzi amakhala pansi, mzere wake umachita kuonekera.

Kukwera kukakanika mumataya ndalama ndi nthawi. Kutsika kukakanika kumatenga miyoyo, choncho pano tisafulumire. Mabuleki amaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Pikapu yolemera matani awiri pamodzi ndi katundu wake ikatsika mamita 1,000, kutentha kumene kuyenera kutayidwa n'kokwanira kuwiritsa madzi a zigubu zitatu za malita 20. Tangoganizani moto wonsewo ukuthera pa timapadi tosaposa chikhato. Injini ndiyo iyenera kusenza gawo lalikulu: giya imene mwakwera nayo ndi imene mutsike nayo, ndipo muilowetse musanayambe mtsetse. A magalimoto a otomatiki, chotsani pa D muike pa 2 kapena pa L, kapena pa B ngati ilipo. Chizolowezi choika fili pofuna kupulumutsa mafuta ndicho chimagwetsa magalimoto m'maphompho. Pa galimoto ya kompyuta sichipulumutsa kanthu n'komwe, pakuti mukatsika ili mu giya osaponda mafuta, kompyuta imawatseka yokha, pomwe pa fili injini imamwabe kuti isazime. Pa ya kabuleta, zimene mungapulumutse sizigula mapadi amene mwapsereza. Kuzimitsiratu injini ndiye misala. Busita imene imapepukitsa pedulo imadalira injini, ndipo mukaponda kawiri kapena katatu pedulo imasanduka mwala. Kiyi akabwerera kwambiri chiwongolero chimadzikhoma. Eni ma Hilux akale a dizilo adziwenso kuti pampu yothandiza busita inamangidwa kumbuyo kwa olitaneta. Lamba uja tinamudinikiza ndi chala akaduka, nyali ya batire imayaka, injini imayamba kutentha, mabuleki n'kuuma, zonse pa ulendo umodzi. Nyali ya batire ikayaka pa mtsetse, imani mukadali ndi buleki.

Mabuleki otentha amalephera m'njira ziwiri, ndipo phazi lanu ndilo limasiyanitsa. Ngati pedulo ili yolimba koma galimoto sikumva, fungo la chopserera likulowa m'kati, mapadi kapena mashuzi apsa mpaka kuterera. Aja otsika mtengo kwambiri, opanda dzina pa bokosi, amafika msanga pamenepa. Ngati pedulo yafewa ngati chinkhupule n'kumira mpaka pansi, mafuta a mabuleki awira. Atsopano a DOT 3 sawira asanafike madigiri 205, a DOT 4 asanafike 230. Koma mafutawa amayamwa chinyontho cha mu mpweya, chimene kunyanja kuno sichisowa nyengo ya mvula, ndipo akakhalitsa, a DOT 3 amatha kuwira pa 140 chabe. Mafuta safinyika koma nthunzi imafinyika, ndiye mumangoponda mphepo. Msampha wake uli apa. Mukafika pa Golomoti mwamwayi n'kukhala ola limodzi, nthunzi ija imabwerera kukhala madzi, pedulo imalimbanso, makaniko amaponda n'kunena kuti, "Mabuleki ali bwino awa, bwana." Sakunama ayi, koma sanaone zimene inu munaona. Auzeni kuti pedulo inamira pa phiri, ndipo mafuta onse akhetsedwe n'kuthira atsopano a m'botolo losatsegula. Izi zizichitika zaka ziwiri zilizonse ngakhale palibe chovuta. Mafuta akuda ngati tiyi wopanda mkaka anapitirira kale nthawi yake.

Zina mungayese pakhomo. Pondani buleki mwamphamvu, gwirani mphindi imodzi: pedulo ikamamira pang'onopang'ono koma mafuta osachepa, malabala a masita silinda akudutsitsa, mafuta akamachepa, yang'anani kuseri kwa tayala lililonse, mupeza ponyowa. Zimitsani injini, pondani kasanu, gwirani, lizani: pedulo itsike pang'ono, umboni wakuti busita ili moyo. Mukayenda makilomita asanu osaponda buleki kwambiri, yandikizani dzanja pa limu iliyonse. Imodzi ikatentha kuposa zinzake, buleki ya pamenepo yagwira, ndipo imeneyo ndiyo idzawiritse mafuta pa phiri. Galimoto ikamakokera mbali imodzi poima, vuto kawirikawiri lili mbali inayo, imene sikugwira. Zinthu ziwiri ndizikana poyera: kutseka paipi ya tayala lodontha ndi msomali n'kumayenda ndi mabuleki atatu, ndi kuthira madzi a sopo m'malo mwa mafuta. Madziwo amawira msanga n'kudyanso zitsulo, ndipo oyilo wa injini nayenso amatupitsa malabala onse. Galimoto yotere ikhoza kukwawa yopanda anthu kuchoka pa Mua kukafika pa galaja ya pa Mtakataka, koma isakwere munthu, ndipo isayandikire Khwekhwelele. Inu amene mwabwereka galimoto ya maliro, si chipongwe kufunsa zimenezi musanakweze amayi ndi ana. Pepala la COF lomata pa galasi limanena za tsiku limene galimoto inayesedwa, osati za lero.

Tsono za ku galaja. Ambiri amafika ndi chigamulo: "Achimwene, ndisinthireni pampu." Mmisiri amasintha pampu, pakuti ndi zimene mwapempha, ndipo ikadzawiranso mumati ndi wakuba. Fikani ndi umboni: "Achimwene, imawira ndikangoyamba phiri ndili ndi matumba 10, koma pa M5 siwira, madzi ndimathira lita imodzi pa sabata, zinayamba atasintha lamba." Ngati amayi a kunyumba kapena mnyamata wokhala kumbuyo anamva fungo kapena phokoso, mawu awo alowe nawo, pakuti wokhala kumbuyo kwa pikapu amamva mabuleki a kumbuyo dalaivala asanawamve. Mmisiri akatchula chovuta, mufunseni mwaulemu kuti, "Mwaona chiyani?" Wodziwa ntchito amakondwera nalo funsoli ndipo amakuonetsani, wongolota amapsa mtima. Amene ali ndi kamakina kowerenga kompyuta ya galimoto ndi wothandiza, koma nambala imene kamatulutsa imaloza dera limene lavuta, osati chitsulo choti mugule. Waya wodyedwa ndi khoswe amatulutsa nambala yofanana ndi ya sensa yakufa. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, chotsika mtengo poyamba, ndipo zakale muzitenga kuti muone ndi maso ngati zinalidi zakufa. Ndionjezere kuti mmisiri amene wakhala maola awiri akufufuza n'kupeza kuti vuto ndi chotsekera cha rediyeta ayenera kulipidwa maola ake awiriwo mosanyinyirika. Tikamalipira sipanala yokha osalipira mutu, timawaphunzitsa tokha kumasula injini zopanda mlandu.

Ntchito ikatha musakaiyese pa M5, kumene inkayenda bwino ngakhale ikudwala. Kaiyeseni pa phiri lomwelo masana dzuwa lili paliwombo, kumbuyo kuli matumba a chimanga m'malo mwa anthu, mmisiri ali pambali panu, madzi malita 10 ndi lamba wapadera zili m'galimoto. Kwerani makilomita angapo mukuyang'ana muvi, tembenukani pamalo otakasuka, tsikani mu giya yachiwiri, ndipo pansi pa phiri muyandikizenso dzanja pa malimu onse anayi. M'kope likudzali mvula idzakhala itagwa, ndipo tidzakamba za galimoto imene yawoloka madzi: disitiribyuta yonyowa, oyilo wa mu difu, ndi chifukwa chake injini imene yazimira m'madzi siyenera kulizidwa.